Mwana wosatha kuwerenga akhale m'manja mwa ndani: kuyerekeza njira zisanu

Chaka chikamatha, pafupifupi sukulu iliyonse ya pulayimale imatsala ndi kagulu ka ana a m'makalasi oyambirira amene sakutha kuwerenga ndime yaifupi. Misonkhano imathera pa kukangana ngati anawo abwereze kapena apitirire, ndipo anthu amabalalika asanagwirizane kuti chaka chamawa adzawaphunzitsa ndani, kwa mphindi zingati, ndi mabuku ati. Komatu nkhani yagona pamenepo. Bungwe la Education Endowment Foundation la ku England, litasonkhanitsa kafukufuku wambiri, linapeza kuti ana obwereza nthawi zambiri amatsalira poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo amene anapitirira, ndiponso ndiwo amakonda kudzasiyira sukulu panjira.

Kumene kubwereza kunaoneka ngati kwathandiza, kunali ndi zina zotsagana nako. Lamulo la chigawo cha Florida ku America la 2002 ndi la Mississippi la 2013 amabweza mwana wa giredi 3 wolephera mayeso a kuwerenga, kupatula ena pa zifukwa zolembedwa m'malamulomo. Koma amalamulanso kuti wobwerezayo aziphunzira kuwerenga mphindi zosachepera 90 tsiku lililonse, ndipo apatsidwe mphunzitsi amene ntchito yake yaoneka kuti ndi yapamwamba. Chigawo cha Michigan chinali ndi lamulo lobweza ana, koma chinachotsa mbali imeneyo mu 2023. Vuto n'lakuti aphunzitsi aluso sakwanira kulikonse, choncho mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi makolo amayenera kusankha njira yofikitsira luso lochepalo kwa mwana amene akulifuna kwambiri.

## Zoyamba kuziona musanasankhe

Yambani ndi kupeza pamene mwana wakanirira. Khalani naye yekha kwa mphindi zisanu. Mupatseni ndime ya ziganizo zinayi imene sanaionepo. Akaiwerenga, mupatseni nkhani yotalikirapo, mumufunse mafunso awiri kapena atatu. Akalephera, tsikani ku mawu oima paokha, kenaka ku maphatikizo, kenaka ku malembo, ndipo lembani pamene wafika. Mwana wosadziwa maliwu a malembo ali ndi vuto lake. Wophatikiza mochedwa, moti pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala chiyambi, ali ndi lina. Wowerenga mosadodoma koma osamva tanthauzo, chifukwa chilankhulo cha m'buku si cha kunyumba, alinso ndi lina. Onaninso kaundula, maso ndi makutu. Mwana wojomba masiku awiri pa sabata, kapena wosaona pa bolodi, sangathandizike ndi njira iliyonse ya m'munsimu mpaka zimenezo zitakonzedwa.

Chachiwiri, gwirizanani za mphunzitsi amene mukumutcha waluso. Satifiketi ndi zaka za pa ntchito zimanena pang'ono chabe. Lowani m'kalasi muonerere mphindi 20. Waluso amaphunzitsa maliwu m'ndondomeko, ochepa pa nthawi, ndipo amabwereza a dzulo asanawonjezere atsopano. Mwana aliyense amawerenga yekha mokweza, osati kungobisala m'mawu a kalasi yonse. Mwana akafika pa mawu ovuta n'kuthawira maso ku chithunzi, mphunzitsi amaphimba chithunzicho ndi chikhatho, kuika chala pansi pa phatikizo loyamba, n'kudikira. Akaona kuti mwana akuyenda mwaliwiro lokayikitsa, amamulozera mawu a pansi pa tsamba kubwerera m'mwamba, ndipo woloweza amagwidwa pomwepo. Alinso ndi kabuku kolembamo pamene mwana aliyense wafika. Wopanda kabukuko amaphunzitsa kalasi, koma sadziwa amene watsala.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa nthawi. Mu 2020 akatswiri Andre Nickow, Philip Oreopoulos ndi Vincent Quan anasanthula kafukufuku 96 wa maphunziro apadera a mwana mmodzi kapena timagulu. Anapeza kuti aphunzitsi ndi othandizira ophunzitsidwa ntchito amaposa odzipereka ndi makolo, kuti maphunziro ochitika nthawi ya sukulu amaposa a poweruka, ndiponso kuti masiku atatu kapena kuposa pa sabata amaposa tsiku limodzi. Muyezo wogwira ntchito ndi uwu: mphindi 20 mpaka 30, katatu mpaka kasanu pa sabata, kwa masabata osachepera 10, ndi munthu yemweyo.

Njira iliyonse tiyiona pa mtengo, kupezeka kwake, zofunika kuti isafe, ndi zoopsa zake.

## 1. Kuika mwana m'kalasi ya mphunzitsi waluso

Mtengo. Ngati mphunzitsiyo ali kale pasukulupo, palibe ndalama yotuluka. Ndi nkhani ya kagawidwe ka makalasi. Kumukoka kuchokera ku sukulu ina ndiye kokwera mtengo. Ku America, ndondomeko ya Talent Transfer Initiative inkapereka madola 20,000 pa zaka ziwiri kwa mphunzitsi wochita bwino wovomera kusamukira ku sukulu yotsalira. M'makalasi a pulayimale ana anakhoza bwinoko, koma mwa aphunzitsi oyenerera, amene anasamukadi anali pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse.

Kupezeka. Zimaphweka pamene kalasi imodzi ili ndi zigawo ziwiri kapena zitatu. Pamene chigawo ndi chimodzi, sinthani aphunzitsi pa ola la kuwerenga lokha: waluso atsikire ku kalasi yoyamba kapena yachiwiri, mnzake agwire kalasi yake pa phunziro lina. Chopinga chachikulu ndi chizolowezi choika aphunzitsi amphamvu m'makalasi olemba mayeso, popeza ndiwo amatchukitsa sukulu. Kafukufuku wa ku North Carolina ndi ku Miami, ku America, anaonetsa sukulu zikuchita zimenezi, n'kutsitsira ofooka ku makalasi a ana aang'ono kumene kulibe mayeso a boma. M'mera mpoyamba, koma kagawidwe ka aphunzitsi kamayenda chammbuyo.

Kuti isafe. Muchepetsereni ntchito zina mphunzitsi ameneyu, ndipo ikani malire a ana otsalira amene angalandire. Ngati n'kotheka akwere nawo anawo kalasi yotsatira, kuti masabata oyamba asathere pa kudziwana.

Zoopsa. Kumuunjikira otsalira onse kumasandutsa luso lake kukhala chilango, ndipo mawa amapempha kusamuka. Kusankha waluso poona zotsatira za chaka chimodzi chokha kumanamiza, chifukwa mwina anangolandira ana amene anali kale patsogolo. Yerekezani pamene ana anayambira ndi pamene anathera, kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

## 2. Katswiri wa kuwerenga, mwana mmodzi pa nthawi

Mtengo. Iyi ndiyo yodula kuposa zonse. Chitsanzo chodziwika ndi Reading Recovery, imene Marie Clay anayambitsa ku New Zealand m'zaka za m'ma 1970. Mwana amakhala yekha ndi mphunzitsi mphindi 30 tsiku lililonse kwa masabata 12 mpaka 20. Mphunzitsi wogwira ntchitoyi theka la tsiku amaona ana anayi patsiku, ndiye kuti pafupifupi 8 pa chaka.

Kupezeka. Akatswiri ndi ochepa, maphunziro awo amatenga chaka, ndipo amakonda kupezeka ku sukulu zimene zili kale ndi chuma. Sukulu yokhala ndi ana otsalira 60 singadalire njira imeneyi.

Kuti isafe. Katswiri ndi mphunzitsi wa kalasi azikumana sabata iliyonse, ngakhale kwa mphindi 10, kuti maliwu a m'chipinda chapadera akhale omwewo a m'kalasi. Mwana asachotsedwe pa ola la kuwerenga popita kwa katswiri, apo ayi mwangosinthanitsa mphindi osawonjezera kanthu. Ndiponso mphunzitsi wina akadwala, musatenge katswiriyu kukatseka dzenje. Sukulu zambiri zimapha ndondomekoyi motero osazindikira.

Zoopsa. Kukhala awiriwiri pakokha si mankhwala, chofunika ndi zimene zikuphunzitsidwa. Reading Recovery inadzudzulidwa chifukwa cholimbikitsa ana kulota mawu poona chithunzi ndi chiganizo m'malo mophatikiza maliwu. Kafukufuku wa ku University of Delaware ku America wotuluka mu 2022 anapeza kuti ana amene anapindula nayo m'giredi 1, pofika giredi 3 ndi 4 anali kumbuyo kwa anzawo ofanana nawo amene sanailandire. Mu 2024 boma la New Zealand linalengeza kuti lileka kuilipirira. Choncho musanalembe katswiri, mufunseni kuti mwana akakanika pa mawu amachita chiyani. Akayankha kuti amamuuza ayang'ane chithunzi, funani wina.

## 3. Wothandizira wophunzitsidwa, ndi timagulu ta ana atatu mpaka asanu

Mtengo. Wapakatikati. Wothandizira mmodzi wokhala ndi magawo 6 a mphindi 30 patsiku, ana anayi pa gawo, amafikira ana 24. Malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi a katswiri, koma muwerengerenso maphunziro ake oyambira, buku la maphunziro olembedwa kale, makadi a malembo ndi timabuku tokhala ndi mawu opangidwa ndi maliwu okhawo amene ana aphunzira.

Kupezeka. Anthu omaliza sukulu ya sekondale amapezeka pafupi kulikonse. Ku India, bungwe la Pratham linalemba atsikana a m'madera momwemo m'mizinda ya Vadodara ndi Mumbai pa ndondomeko ya Balsakhi. Ankatenga ana otsalira 15 mpaka 20 kwa maola awiri patsiku, ndipo amene anapindula kwambiri anali ana a pansi penipeni.

Kuti isafe. Wothandizira asapeke yekha phunziro. Gawo la mphindi 30 likhoza kuyenda motere: mphindi 5 kubwereza maliwu akale ndi makadi, 5 liwu latsopano, 8 kuphatikiza ndi kumasula mawu, 8 aliyense kuwerenga kabuku mokweza, 4 kulemba mawu atatu kapena anayi omwe wothandizira akutchula. Pazikhala mphunzitsi womuonerera kamodzi pa masabata awiri. Ana aziyesedwa mwezi uliwonse, wopita patsogolo achoke, wina alowe.

Zoopsa. Pano pali msampha waukulu kuposa pena paliponse. Kafukufuku wa Peter Blatchford ndi anzake ku England ndi Wales, wotha mu 2009, anapeza kuti ana amene ankalandira thandizo lambiri kwa othandizira a m'kalasi ndiwo ankapita patsogolo pang'ono, ngakhale poyerekeza ndi ana a mavuto ofanana. Chifukwa chake chinali chakuti mphunzitsi ankasiyiratu anawo kwa wothandizira, iye n'kumaphunzitsa otsogola. Mwana wovutika kwambiri ankathera tsiku ndi munthu wophunzitsidwa pang'ono kwambiri, amenenso chifukwa cha chisoni ankamuuza mayankho kuti ntchito ithe. Njira yopewera ndi kutembenuza zinthu masiku ena: wothandizira ayang'anire otsogola pamene akulemba, mphunzitsi akhale pansi ndi kagulu ka otsalira. Choopsa china ndi kuchoka kwa othandizira akapeza ntchito yabwinoko, choncho phunzitsani awiri ngakhale mukufuna mmodzi.

## 4. Kugawa ana malinga ndi pamene afika, ola limodzi patsiku

Njira imeneyi, imene Pratham inaitcha Teaching at the Right Level, imaiwala kaye kalasi ya mwana. Ana a makalasi awiri kapena atatu amayesedwa, n'kuikidwa m'magulu: osadziwa malembo, odziwa malembo, owerenga mawu, owerenga ndime, owerenga nkhani. Pa ola loikika belu likalira, aliyense amapita ku gulu lake.

Mtengo. Wotsika. Aphunzitsi ndi omwewo, zipangizo ndi makadi, matchati ndi timabuku. Ndalama zambiri zimapita kwa oyendera sukulu.

Kupezeka. Ndi njira yokhayo pa zisanuzi imene imapirira makalasi odzadza. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi mabungwe anzake anayerekeza mu 2022 kuti ana 70 mwa 100 aliwonse a zaka 10 m'maiko osauka ndi apakatikati satha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta. Pamene otsalira ndiwo ambiri chonchi, kusankha anayi opita kwa katswiri kulibe tanthauzo. Dziko la Zambia linayamba kuyesa njirayi mu 2016 pa dzina la Catch Up, m'magiredi 3 mpaka 5.

Kuti isafe. Zimene zinachitika ku India zimaphunzitsa zambiri. Kumene sukulu zinangolandira zipangizo, palibe chinasintha. Kumene aphunzitsi anaphunzitsidwa koma osapatsidwa nthawi yapadera, anabwerera ku silabasi chifukwa ndiyo ankafunsidwa. Zinayenda ku Haryana, kumene panali ola lotetezedwa tsiku lililonse ndi oyendera amene anayamba aphunzitsa okha ana m'njirayi, ndiponso ku Uttar Pradesh, kumene kunali misasa ya masiku 10 kapena 20 yobwerezabwereza. Mwachidule, ola lilembedwe pa ndandanda ya maphunziro, wina aziyendera, ndipo magulu azisinthidwa pafupipafupi. Gulu la osadziwa malembo lipatsidwe mphunzitsi wamphamvu kuposa onse, ngakhale ambiri adzafuna gulu la nkhani chifukwa n'losavuta.

Zoopsa. Kuyesa kukaleka, magulu amauma, ndipo gulu la pansi limasanduka dzina la mwana. Ana aakulu amachita manyazi kukhala ndi aang'ono, choncho mayina a magulu asakhale oonetsa wapamwamba ndi wapansi. Njirayi imafikitsa mwana pa kuwerenga ndime, koma si yokwanira kwa amene ali ndi vuto lozama la kuzindikira maliwu. Ameneyo amadziwika chifukwa anzake amakwera gulu kawiri iye ali pomwepo.

## 5. Mlangizi wolimbikitsa mphunzitsi amene alipo

Mtengo. Malipiro a mlangizi ndi mayendedwe ake. Pa mwana mmodzi ndi wotsika, popeza mlangizi mmodzi amakhudza makalasi ambiri.

Kupezeka. Mlangizi wabwino amasowa ngati mphunzitsi wabwino, ndipo nthawi zambiri ndi munthu yemweyo amene mwamuchotsa m'kalasi. Ku South Africa, kafukufuku wa Early Grade Reading Study m'chigawo cha North West, woyamba mu 2015, anayerekeza aphunzitsi opita ku maphunziro a pamalo amodzi ndi aphunzitsi oyenderedwa m'kalasi mwezi uliwonse. Onse anali ndi maphunziro olembedwa kale ndi mabuku ofanana, koma phindu la oyenderedwa linali pafupifupi kawiri. Pamene anayesa ulangizi wa pa foni ndi tabuleti ku Mpumalanga, sunafike pa ulangizi wa maso ndi maso. Ndondomeko ya Tusome ku Kenya, yoyamba mu 2015, inaphatikiza oyendera, buku la mphunzitsi ndi buku la mwana aliyense. Nayo Mississippi inatumiza alangizi ku sukulu zotsalira pamodzi ndi lamulo lija, n'chifukwa chake n'kovuta kunena kuti kukwera kwake pa mayeso a dziko lonse kunachokera ku kubweza ana kokha.

Kuti isafe. Ulendo uliwonse ukhale ndi zinthu zitatu: mlangizi aonerere phunziro lonse, asankhe mwangozi ana awiri kapena atatu amuwerengere, ndipo asiye chinthu chimodzi chokha chokonza. Akabweranso ayambe ndi chimenecho. Asakhale yemwe amalemba malipoti okweza kapena kulanga mphunzitsi, chifukwa akatero adzaonetsedwa phunziro lokonzera alendo.

Zoopsa. Imachedwa. Mwana amene akubwereza chaka chino sangadikire kuti mphunzitsi wake akhwime. Ndiponso phindu lake limachepa alangizi akapatsidwa sukulu zochuluka, mpaka ulendo kusanduka kusayina buku la alendo.

## Zina zimene zimatchulidwa

Kuchepetsa ana m'kalasi kumathandiza ngati aphunzitsi abwino alipo. Ku Tennessee, ku America, pakati pa 1985 ndi 1989, makalasi a ana 13 mpaka 17 anaposa a ana 22 mpaka 25. Koma California, ku America komweko, itachita zimenezi chigawo chonse mu 1996, inalemba aphunzitsi ambiri opanda ziyeneretso, ndipo ochuluka mwa iwo anathera ku sukulu za ana osauka. Sukulu ya pa tchuthi imathandiza ngati mwana akubwera tsiku lililonse ndipo wophunzitsa ndi waluso, koma ofunika kwambiri ndiwo amajomba. Mphunzitsi wolipidwa ndi makolo poweruka nthawi zambiri amangothandiza homuweki, imene mwana wosadziwa maliwu sangaigwire. Kompyuta ndi tabuleti zimabwereza maliwu mosatopa, koma popanda wamkulu woyang'anira sizipita patali. Ku Peru, malaputopu a One Laptop per Child sanakweze ana pa kuwerenga.

## Njira iti, pa vuto liti

Ngati otsalira aposa theka la kalasi, vuto lili m'kaphunzitsidwe ka tsiku ndi tsiku. Yambani ndi kugawa ana malinga ndi pamene afika, ndipo ngati ndalama zilipo onjezerani mlangizi. Kulemba katswiri pamenepa n'kutaya ndalama.

Ngati otsalira ndi 5 mpaka 10 m'kalasi imene ena onse akuyenda bwino, wothandizira ndi timagulu ndiye woyenera, bola akhale ndi maphunziro olembedwa kale ndi womuonerera, ndipo mphindi zake zikhale zowonjezera pa za mphunzitsi wa kalasi.

Ngati mwana wakhala m'kagulu masabata 10 mpaka 12 osajomba koma sakusuntha, ndiye woyenera katswiri payekha, atayesedwanso maso ndi makutu. Malo ochepa a katswiri asungidwire ana otere.

Ngati chigamulo chobwereza chaperekedwa kale, mwanayo asabwerere kwa mphunzitsi yemweyo ndi buku lomwelo. Aikidwe kwa waluso amene sukulu ili naye, alowenso m'kagulu kuyambira sabata yoyamba. Makolo apemphe zinthu zinayi zolembedwa: dzina la womuphunzitsa, mphindi zake pa sabata, pamene mwana wafika lero, ndi tsiku loyesanso. Sukulu ikalephera kulemba zimenezi, kupitirira ndi anzake uku akulandira thandizo la kagulu n'kwabwino kuposa kubwereza.

Ngati sukulu ili ndi mphunzitsi waluso mmodzi yekha ndipo palibe ndalama ya china chilichonse, mutsitsireni ku kalasi yoyamba kapena yachiwiri pa ola la kuwerenga, ndipo kamodzi pa sabata mphunzitsi mnzake azikhala kumbuyo kuonerera. Ngati kholo likulipira lokha mphunzitsi wapadera, lisankhe magawo aafupi anayi pa sabata m'malo mwa tsiku limodzi la maola awiri, ndipo pakatha mwezi limupatse mwana ndime yatsopano kuti awerenge pamaso pake.